Luso la linga lili pa njira yolowera

Ndatopa nawo anthu amene amayamikira linga la Krak des Chevaliers, ku Syria, ngati akuyamikira chithunzi cha pa kalendala. Amatchula nsanja, kutalika kwa phiri, ndi khonde lija la miyala yosemedwa m'kamangidwe ka Gothic, basi nkhani yatha. Khondelo n'lokongola ndithu, koma ku France aliko ambiri oliposa.

Mmisiri wa linga amamangira mdani, ndipo nzeru zake zimaonekera polowera. Asilikali a gulu la Knights Hospitaller, kapena kuti Ahospitala, analandira malowa kwa Raymond II wa ku Tripoli mu 1142. Chivomezi cha mu 1170 chitagumula makoma anamanganso, kenako m'zaka za m'ma 1200 anazunguliza khoma lachiwiri kunja, nakonza njira yolowera imene sinditopa kuitama. Kuchokera pa chipata chakum'mawa, njirayi imakwera mtunda wa mamita pafupifupi 137, yofoleredwa ndi denga la miyala. Pakatikati imakhota mwadzidzidzi n'kubwerera kumene yachokera. Taganizani gulu la adani lovala zitsulo, likukwera mumdima, likukankhana pokhota, uku miyala ndi mivi zikutsika kudzera m'mabowo a kudenga! Wophonya pokhotapo n'kupitirira kutsogolo amangotulukira pakati pa makoma awiri aja, poyera, pamaso pa oponya mivi a pamwamba. Mmisiriyu anawerengera miyendo, maso ndi mantha a munthu amene sanamuonepo. Ndani wosema maluwa pa mwala anaganizapo mozama chotere?

Ena amati njira yokhota si nzeru ya Ahospitala, anaionera kwa amisiri a ku Byzantium. Nanga vuto lili pati? Mmisiri aliyense anaphunzira kwa wina. Chofunika n'chakuti Ahospitala anaitalikitsa ndi kuipotoza kuposa mmene anaipezera.

Nanga mdani atabweradi zinatha bwanji? Sultan Baybars wa ku Egypt atafika mu 1271 anaukira kum'mwera, kumene phirilo limalumikizana ndi mtunda wina. Anthu ake anakumba pansi pa nsanja ya khoma lakunja mpaka inagwa. Linga lam'kati, lokhala pa chikhoma chopendekeka cha miyala, analitenga pa 8 Epulo popanda kuligumula. Olemba mbiri amati asilikali otsala m'lingamo anagonja atalandira kalata yabodza yooneka ngati yachokera kwa mkulu wa gulu lawo.