Kalata ya Janifa m'buku la Bones

M'nkhani zambiri zachikondi kalata imagwira ntchito imodzi: mnyamata alemba, mtsikana ayankha, mapeto ake ukwati. Chenjerai Hove, m'buku lake la Bones (1988), sakutsata mwambo umenewu. Janifa ali ndi kalata imodzi yokha, ndipo amene anailemba analowa m'tchire kukamenya nkhondo ya ufulu. Wopempha kuti iwerengedwe mobwerezabwereza ndi Marita, mayi wa mnyamatayo, wantchito papulazi ya mzungu, yonga aja a ku Mashonaland kumene Amalawi ambiri anakalambira. Motero Janifa sakukhwima maganizo chifukwa cha chibwenzi. Akukhwimira m'manja mwa mayi amene akanakhala apongozi ake. Kwa ine, chikondi chimene Hove wachilemba mwaluso ndi cha akazi awiriwa. Mnyamatayo timamumva patali, m'mawu apapepala.