Za Dziko Limene Ndalama Yake Ndi Nyama

Abale, m'chaka cha 2003 Zack Johnson wa ku America anatulutsa sewero la pa kompyuta dzina lake Kingdom of Loathing, ndipo ife amene tinalisewera sitinaliiwale kufikira lero. Zithunzi zake nzosauka ndithu. Anthu ake akunga timitengo timene mwana ajambula pamchenga. M'dziko limenelo ndalama ndiyo nyama, kotero kuti wogonjetsa chilombo alandira nyama, nagula nayo chida.

Chimene tikumbuka koposa ndicho kupanga zinthu. Munthu atenga nyama 10, naisandutsa phala lomatira, nalumikiza nalo zinthu ziwiri kuti aone chotulukapo. Kuphika nakonso kunali ndi phindu, pakuti tsiku lililonse apatsa munthu maulendo 40 okha, ndipo chakudya chokoma chiwonjezera ena. Tinasamala mphika koposa lupanga.

Alipo ena akuti nthabwala zipeputsa sewero. Ife tikana. Masewero ambiri otere atuma munthu kutola zikopa ndi miyala mowerenga, monga wosonkha msonkho, ndipo mtima utopa msanga. Koma kuno chinthu chilichonse chili nawo mawu ake oseketsa, ndipo ife tinali kupanga dala ngakhale zopanda pake, kungofuna kuwerenga mawuwo.

Chilema chake sitibisa: nthabwala zambiri zitsamira pa kupotoza mawu a Chingerezi ndi pa nyimbo za kwawoko, ndipo mlendo angodutsa pa izo duu, osadziwa kuti anzake aseka chiyani.