Za Lamulo Lolanga Chiwawa cha Ndale

M'maiko ena mwabuka nkhani imene ife a ku Nsipe tiyenera kuilingalira, ngakhale inayambira kutali. Ena ati munthu akapanda mnzake, kapena kumtenthera nyumba, kapena kumupha chifukwa cha chipani chimene atsata, mlandu wake uyesedwe mlandu wa chidani, ndipo chilango chake chipose cha wandewu ya pamowa. Ku America mawu awa anamveka kwambiri m'chaka cha 2025, Charlie Kirk ataphedwa ndi mfuti pa 10 September ali kulankhula ndi ophunzira ku Utah, ndipo aphungu ena a ku New Jersey ndi ku Ohio anafuna kupanga malamulo otere. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri apita kukafuna ntchito, Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la milandu ya chidani mu May 2024, ndipo m'menemo kuchitira munthu choipa chifukwa cha chipani chake kwawerengedwa pamodzi ndi kumchitira choipa chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena chialubino. Kodi ifenso tifune lamulo lotere?

Tiyambe ndi kuvomera choona chimene chili m'ganizoli. Wopanda mnzake chifukwa cha ndale sapweteka munthu mmodzi yekha, koma aopsa onse a maganizo omwewo kuti atseke pakamwa. Akulu athu akumbukira za a Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, nathamangitsidwa koopsa mu 1972 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, kotero kuti zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Tikumbukiranso moto umene unaponyedwa pa ofesi ya chipani cha UTM ku Area 24 mu Lilongwe mu May 2020, umene unapha anthu a banja limodzi okhala m'nyumbamo. Zoipa zotere ziposadi ndewu wamba, ndipo mtima wofuna kuzilanga kolimba suli wolakwa.

Koma tili nazo zifukwa zitatu zotikayikitsa.

Choyamba, lamulo lotere lifuna kuti woweruza aone za mumtima, ndipo zimenezi si zapafupi. Taonani zimene zinachitika m'boma lathu lino. Pa 16 June 2024, pamene mtembo wa Dr Saulos Chilima unali kubwera kuchokera ku Lilongwe kudzaikidwa kuno ku Nsipe m'mawa mwake, anthu ena anatseka msewu naponya miyala, ndipo m'chipwirikiti cha usikuwo galimoto inagunda anthu ku Ntcheu, nafa anayi. Tsono mnyamata amene anatola mwala tsiku lija, anatero chifukwa chodana ndi chipani, kapena chifukwa cha chisoni, kapena poona anzake atero? Mwalawo mboni ikhoza kuuona, koma chidani cha m'kati achitira umboni ndani? Woweruza adzatsamira pa nsalu imene munthu anavala ndi mawu amene anafuula, ndipo posachedwa nsaluyo idzakhala ndiyo mlandu.

Chachiwiri, lamulo ndi nkhwangwa, ndipo mpini wake uli m'manja mwa olamulira. Dziko lathu linaona kale malamulo opangidwa ndi dzina la mtendere akusanduka msampha. M'masiku a chipani chimodzi anthu anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 m'bwalo la mafumu, mmene sanaloledwe kukhala ndi loya. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Albert Muwalo, mwana wa kuno ku Ntcheu, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha Congress ndi munthu woopedwa m'dziko lonse, anagwidwa mu 1976, nazengedwa m'bwalo la mtundu womwewo, nanyongedwa mu 1977. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Chipani cholamulira lero chikhoza kukondwera ndi lamulo loopsa adani ake, koma tinaona boma likusintha mu 1994, mu 2020 ndi mu 2025, ndipo mpini uja umapita kwa ena.

Chachitatu, ndipo ndicho chachikulu, nthenda yathu si kusowa kwa malamulo. Kupha, kutentha nyumba ndi kutema munthu ndi milandu kale m'buku la malamulo, ndipo gawo 20 la malamulo aakulu a dziko a 1994 liletsa kusala munthu chifukwa cha maganizo ake a ndale. Chosowa ndicho kugwira wolakwa ndi kumfikitsa pabwalo. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza mu May 1983, boma nkunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mlandu wake unazengedwa patapita zaka khumi ndi ziwiri, ndipo oimbidwa mlanduwo anamasulidwa mu December 1995. Pa 26 June 2025 anthu a zikwanje anamenya Sylvester Namiwa mu Lilongwe dzuwa likuswa mtengo, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Kodi kuwonjezera zaka za ndende kukanathandiza chiyani pamene panalibe wotambasula dzanja kugwira wachikwanjeyo?

Chifukwa chake ife titi, aphungu athu asafulumire kutengera lamulo la eni. Ayambe afunsa chifukwa chake milandu yakale ili chigonere, pakuti mlandu suola. Apolisi agwire wachiwawa osayang'ana nsalu yake, ndipo mlandu ufike ndithu kwa mkulu amene anagula mowa ndi zikwanje natuma ana a eni. Ndipo ife a m'midzi tili nayo mbali yathu. Anyamata otumidwawo sachokera kuthengo. Ndi ana athu ndi adzukulu athu, adya nsima m'nyumba zathu. Mwana akabwera madzulo ndi ndalama zosadziwika magwero ake m'nyengo ya chisankho, make ndi malume ake amfunse kumene wazitenga, ndi ntchito imene amlembera.