Okonza mafoni a m'misika

Mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe simungalephere kuwaona: anyamata atawerama patebulo laling'ono, maso ali pa foni yomasulidwa. Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri. Ambiri ntchitoyi sanaiphunzire kukoleji. Anayamba n'kuonerera mkulu wawo akugwira, kenako n'kumawonjezera nzeru ndi mavidiyo a pa YouTube.

Foni ya itel kapena Tecno ikakana kutchaja, sathamangira kunena kuti yafa. Amayamba ayeza batire ndi mita, n'kutsuka potchajira ndi kaburashi ndi sipiriti. Akaona kuti pawonongeka, amachotsa pena m'foni yakufa n'kuwotchererapo, timawaya take tochepa ngati tsitsi. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, bolodi yonse yapsa. Munthu wopupuluma sangaithe ntchitoyi.

Masiku ano foni ndiyo yolandirira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndiyonso yolankhulira ndi achibale a ku Joni, pomwe kugula yatsopano si kwamasewera. Okonzawa amaidzutsa pamtengo woti mayi wogulitsa tomato angakwanitse, ndipo zida zomwe zikanatayidwa kudzala amazisunga m'zitini kudikira foni ina yodwala.