Belu, Mpweya ndi Chikhoti Chofiira

M'miyezi yotentha, dzuwa likafika paliwombo, pa High Cross mumzinda wa Chester ku England pamalira belu. Wolizayo, atavala chipewa cha nsonga zitatu, amakuwa katatu kuti "Oyez!" kenako n'kufunyulula chikalata. Kale, ambiri asanadziwe kuwerenga, malamulo atsopano, tsiku la msika ndi za katundu wotayika zinkatulukira pakamwa pa munthu ngati ameneyu.

Ena amayesa kuti luso la mlengezi lagona pa kufuula. Ayi ndithu, kufuula ngakhale chidakwa chimatha. Pabwalo mawu amamwazika, ena amagunda khoma n'kubwerera mochedwa. Ndiye mlengezi wodziwa ntchito amaduladula uthenga kuti chigawo chilichonse chikwane mu mpweya umodzi, n'kumapumira kuti amene waima kutali alandirenso. Sayamba kulankhula belu lisanazizire. Dzina, malo ndi nthawi amazitchula chifuwa chikadali chodzaza, pakuti zotsalira kumapeto kwa mpweya zimathera m'mano. Amene anamvapo mthenga wa amfumu akulengeza maliro usiku ali pachulu akuzidziwa izi: akangothamangitsa lilime, m'mawa mudzi wonse umafunsana kuti watisiya ndani.

Pa mipikisano ya alengezi, oweruza amatchera khutu ku katchulidwe ndi kamvekedwe, osati kukweza kokha. Mu 2021, chifukwa cha Covid-19, mpikisano wa dziko lonse la Britain unachitika popanda wotsegula pakamwa: opikisana anangotumiza zolemba zosaposa mawu 140. Zinali zoseketsa, komabe zinaonetsa mbali imene chikhoti cha mlengezi chimabisa, yoti chilengezo chimayamba ndi kusankha mawu ndi kutaya osafunika. Chimene pepala silikanaonetsa ndi pomwe munthuyo akanapumira.

Vuto la lero n'lakuti zovala zakula kuposa uthenga. Alengezi ambiri tsopano amaitanidwa kukatsegula masitolo ndi kusangalatsa alendo, ndipo omvera amafika ndi makamera, makutu atasiya kunyumba. Pa 22 Julaye 2013, Prince George atabadwa pa chipatala cha St Mary's ku London, mlengezi wina dzina lake Tony Appleton anatulukira ndi belu ndi chipewa cha nthenga n'kulengeza nkhaniyo. Atolankhani ena akunja anakhulupirira kuti watumidwa ndi banja lachifumu, chonsecho anangodzituma yekha. Chilengezo chenichenicho chinali papepala limene linaikidwa panja pa Buckingham Palace kuti anthu adziwerengere okha.