Liu Limodzi, Anthu Ambiri: Kuunika "Poceza m'Madzulo" ya Julius Chongo ndi Mwana wa ku Chama

1.0 Mau Oyamba

Akatswiri akamakamba za maprogramu a ana amene anachuka pa wailesi ya kanema, kawirikawiri amachula Sesame Street, imene inayamba ku America mu 1969. Ana ambiri amadziwa Big Bird ndi Oscar the Grouch, koma ndi ocepa amene amadziwa kuti onse awiriwo anali munthu mmodzi, Caroll Spinney, amene anagwira nchitoyi kufikira 2018. Kuno kwathu wailesi ya kanema inayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo kwa zaka zambiri inali ya m'matauni a m'mbali mwa njanji. Kwa mwana wa m'cigwa ca Luangwa, m'dziko la mafumu Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, nthano za kutali zinkabwera ndi wailesi ya mabatire. Cotero m'nkhani ino tiunika "Poceza m'Madzulo", programu ya Cinyanja imene Julius Chongo ankaulutsa pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Sinakonzedwere ana okha, komabe inatenga malo a nthano za pamoto, zimene eni ake enieni ndi ana.

2.0 Luso la Chongo

Cinthu coyamba cofunika kucizindikira n'cakuti Chongo ankasewera yekha. Iye anali wofotokoza nkhani, ndiponso ndiye anali mfumu, nkhalamba, mwana, Kalulu ndi Fisi. Posowa nkhope ndi manja zoti omvera aone, anasenzetsa liu katundu yense. Kukwera ndi kutsika kwa liu, kufulumira, kuzengereza, ngakhale kukhala cete kwa kamphindi, ndizo zinkauza womvera kuti tsopano wayankhula ndi wina. Ernst Wendland, amene analemba za luso limeneli pa digiri yake ya udokotala ku Wisconsin mu 1979, anasonyeza kuti zimenezi zinali ndi dongosolo lake loti lingaphunziridwe.

Caciwiri ndi mvekero. Tiyerekeze ziganizo ziwiri izi: "Fisi anacita manyazi" ndi "Fisi anangoti zyoli". Ciganizo coyamba cikutiuza zimene zinacitika, koma caciwiri cikutionetsa mutu wa Fisi utagwa. Momwemonso "kunali zii" n'kosiyana ndi "kunalibe phokoso", pakuti m'mau akuti "zii" womvera amamva bata lenilenilo m'khutu mwake. Apa ndi pamene Chongo anapambana. Zimene wopanga kanema amacita ndi kamera, iye ankazicita ndi mvekero, ndipo mwana ankajambula yekha cithunzi m'mutu mwake. Cithunzi cotero cimakhala ca kwao kwa mwanayo: mtsinje wa m'nthano umasanduka Luangwa, ndipo munda umasanduka dimba la mpunga la amai ake.

3.0 Zimene Wailesi Inataya

Kutamanda kokha sikungatithandize. Nthano ya pamoto ili ndi eni ake awiri, wosimba ndi omvera. Wosimba akayamba, ana amavomera kuti "tili tonse", ndipo nyimbo ikafika amaithira mang'ombe. Wosimba waluso amayang'ana nkhope za ana. Akaona kuti asokonezeka amabwereza, akaona kuti ayamba kuodzera amafupikitsa. Wailesi ilibe maso. Mwana amene pamoto anali mnzake wa wosimba, pa wailesi anasanduka mlendo wongolandira.

Vutoli linakula kwambiri ku Chama. Ana ambiri kumeneko amayamwira Cisenga, cimene cili pafupi ndi Citumbuka kusiyana ndi Cicewa. Cinyanja amakumana naco kusukulu, popeza ndico cinasankhidwa kukhala ciyankhulo ca cigawo ca Kum'mawa pakati pa ziyankhulo 7 zimene boma linavomereza. Mwana wa ku Katete ankamva Chongo monga amamvera agogo ake, pamene mwana wa ku Chama ankamva ciyankhulo ca m'kalasi cikuthamanga pa liwiro limene mphunzitsi sayankhulira. Mwambi ukamupita, panalibe womufunsa. Komabe pano pali cinthu cofunika kuti aphunzitsi acilingalire. Mbali ya luso la Chongo imene imaoloka malire a ziyankhulo mosavuta ndi liu ndi mvekero zomwezo. Mwana angathe kusadziwa tanthauzo la mneni, koma amazindikira liu la munthu wamantha ndi la munthu wonyenga, ndipo kucokera pamenepo amayamba kutola mau.

4.0 Buku ndi Liu

Mu 2004 University of Zambia Press inasindikiza ena mwa masewero a Chongo pamodzi ndi kumasulira kwa Wendland m'Cingelezi. Bukuli ndi cuma, cifukwa linapulumutsa mau amene akanauluka ndi mphepo. Koma tisalakwitse n'kuyesa bukulo ndiye sewero. Papepala, nkhalamba ndi mwana amalembedwa ndi zilembo zofanana, ndipo mvekero umene Chongo ankaukoka kapena kuudula mwadzidzidzi umangokhala liu wamba pakati pa anzake. Mphunzitsi amene angapereke tsamba lotere kwa mwana wa Cisenga kuti awerenge camumtima wamucotsera cingwe cokhaco cimene akanagwira pooloka.

5.0 Mau Omaliza

Kucokera pa zimene takambazi tingapereke maganizo atatu. Coyamba, matepi a programuyi amene alipo ayenera kusungidwa bwino ndi kuperekedwa ku makoleji a aphunzitsi, kuti buku liziyenda pamodzi ndi liu. Caciwiri, mphunzitsi wa Cinyanja aphunzitsidwe kusimba, osati kuwerenga kokha, ndipo abwezere ana udindo wao wovomera ndi kuimba umene wailesi inawalanda. Cacitatu, m'masukulu a ku Chama ana aloledwe kusimbanso nthanoyo m'Cisenga ndi kufanizira mivekero ya ziyankhulo ziwirizi, cifukwa mwana amene waona kuti ciyankhulo ca kwao cili ndi luso lofanana saopa kuphunzira ca mnzake. Ofufuza nawonso ali ndi nchito yojambula asimbi a Cisenga amene akali moyo m'midzi ya m'cigwa, kuti maina ao adziwike monga likudziwikira la Chongo.