Za Kasankhidwe ka Anyamata a Mpira

Pali mwambo wina m'sukulu zathu za kuno kwa Njombwa umene uyenera kudzudzulidwa, ndiwo wakusankha timu ya mpira tsiku limodzi lokha. Mphunzitsi aitana anyamata onse kubwalo dzuwa litapendeka, nawagawa pawiri, nawaponyera mpira. Ndipo pofika chisisira atchula maina a osankhidwa, otsalawo nabwerera kwawo osauzidwa kanthu. Anzanga aphunzitsi, kodi diso la munthu mmodzi likhoza kuyesa khamu lotere madzulo amodzi? Chimene diso liona msanga ndicho msinkhu, si luso ayi.

Taonani zimene zinapezeka ku Canada, kumene ana amasewera hockey pa madzi oundana. M'chaka cha 1985 Roger Barnsley ndi anzake anaonetsa kuti mwa osewera omveka a kumeneko, obadwa mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi anachuluka kupambana obadwa kumapeto kwa chaka. Pakuti magulu a ana amawerengedwa kuyambira pa 1 Januwale. Motero wobadwa mwezi umenewo aposa mnzake wa mu Disembala ndi miyezi 11, nasankhidwa chifukwa cha thupi lake, naphunzitsidwa bwino koposa, kufikira anthu ayesa kuti anabadwa nalo luso. Ngati miyezi yokha ichita zotere, nanga bwanji kwathu kuno, kumene mwana wa zaka 11 akhala m'kalasi limodzi ndi wa zaka 15?

Nkhani ya zaka si yachilendo kwa ife. Mu 2009 anyamata a Malawi osapitirira zaka 17 anapita ku mpikisano wa dziko lonse ku Nigeria, timu ya Niger itachotsedwa chifukwa inaseweretsa wopyola zaka. Tinakondwera nacho chiweruzo chimenecho. Koma pabwalo la sukulu yathu tilola wandevu kugwetsa kamwana, ndi kunena kuti kamwanako nkofooka.

Palinso china chimene a kutauni sachidziwa. Sukulu zitsegulidwa mu Seputembala, nyengo yomwe nazale za fodya zifuna madzi m'mawa ndi madzulo. Mnyamata amene atate wake anamtuma kudambo ndi keni tsiku la kuyesedwa wataya chaka chathunthu, ngakhale ali ndi mwendo wabwino kuposa onse.

Kuyesako kukhale kwa masabata atatu kapena anayi, aakulu paokha ndi aang'ono paokha, ndipo oyang'ana akhale awiri, kuti wina akakondera mwana wa mlongo wake, mnzake amletse. Wosiyidwayo asamvere dzina lake pamzere pamaso pa anzake. Muitanireni padera, mumuuze chimene chamsowa, kaya ndi liwiro kaya kupatsira, ndi mwezi umene adzayesedwanso. Ndipo pakhale timu yachiwiri, ngakhale mpira wake ukhale wachikulunga. Zomwezi zichitikenso kwa atsikana pa mpira wamanja.